Ndalama Zobzalira Mitengo ku Chikwawa: Kodi Zikulipira Dzenje Kapena Mtengo Wamoyo?

Chaka chilichonse, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, dziko lathu limakhala m'nyengo yobzala mitengo. Akuluakulu a boma amagwada ndi khasu pamaso pa ojambula, ana asukulu amaimba, ndipo pa wailesi timamva kuti chaka chino mubzalidwa mitengo mamiliyoni makumi angapo. Zonsezi n'zabwino. Koma ku Chikwawa mayeso enieni a mtengo amabwera mu Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha kumapitirira madigiri 40, udzu wonse wauma, ndipo chobiriwira chokhacho chimene mbuzi ikuona m'mudzi monse ndi kamtengo kanu kaja.

Choncho tikamva kuti boma likulipira alimi kuti abwezeretse mitengo, ife monga makolo tiyenera kufunsa kuti ndalamayo ikugula chiyani. Kodi ikugula dzenje lokumbidwa, kapena mtengo umene udzakhale ukupereka mthunzi mwana wobadwa lero akamadzayamba sukulu?

Mbwezera Chilengedwe

Njira yaikulu imene ndalama za boma zikufikira m'manja mwa mlimi wobzala mitengo masiku ano ndi pulogalamu imene anthu amaitcha Mbwezera Chilengedwe. M'mapepala a boma dzina lake ndi Climate Smart Enhanced Public Works Programme, ndipo ndi nthambi ya pulojekiti ya Tidzidalire, imene imathandizidwa ndi World Bank pamodzi ndi mayiko ena. Ndalama zimadutsa ku National Local Government Finance Committee n'kupita ku makhonsolo, kuphatikizapo ya Chikwawa ndi Nsanje. Mabanja amasankhidwa kuchokera m'kaundula wa boma wa anthu ovutika, ndipo amene amalowa ndi aja osauka koma okhala ndi munthu wamphamvu zogwirira ntchito. Apa ndi pamene imasiyana ndi Mtukula Pakhomo, umene umapita ku mabanja opanda wowagwirira ntchito, monga a nkhalamba kapena odwala.

Achikulire akukumbukira ntchito za MASAF za m'zaka za m'ma 1990, pamene anthu ankalandira ndalama polambula misewu ya m'midzi. Mbwezera Chilengedwe ndi mdzukulu wa ntchito zimenezo, kungoti khasu lachoka pamsewu n'kupita kumunda, kuphiri ndi m'mbali mwa mitsinje. Anthu amakonza nazale, amathira dothi m'machubu, amabzala mbande, amakumba maswale ogwira madzi a mvula, amabzala udzu wa vetiva, amaunjika miyala m'zigwembe kuti madzi asathamange, ndiponso amasamalira mitengo yophukira yokha. Gawo limodzi la ntchito limakhala ndi masiku 24 olipidwa, ndipo pamakhalanso masiku ena amene anthu amagwira mwaulere monga chopereka cha mudzi. Malipiro anali K28,800 pa gawo, kutanthauza K1,200 patsiku. Anakwera kufika pa K38,400, kenako K48,000, imene ndi K2,000 patsiku. Tisaiwale kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti, motero mbali ina ya kukwera kumeneku inangothamangitsa mitengo ya zinthu pamsika.

Ndalamayi ndi yochepa, koma munthu amene sanagonepo ndi njala mu Febuluwale ndi amene angaipeputse. M'chigwa mmene chaka china mapira ndi chimanga zimapsa ndi ng'amba, chaka chinacho zimapita ndi madzi, ndalamayi imasanduka ufa, sopo, yunifolomu ya mwana, kapena thiransipoti yopita kuchipatala cha boma la Chikwawa. Imathandizanso kuti bambo asasiye munda wake n'kukagwira ganyu m'munda wa wina. Dandaulo limene lakhala likumveka m'manyuzipepala kuchokera m'maboma osiyanasiyana ndi la kuchedwa kwa malipiro, ndipo ndi dandaulo lomveka: ndalama yothandiza nthawi ya njala ikafika anthu atakolola, yataya theka la ntchito yake.

Komabe tiyenera kunena poyera kuti imene ikulipiridwa pano ndi ntchito ya tsikulo. Munthu amalembedwa kuti wabwera, wagwira, walandira. Kaya mtengo uja udzakhalapo chaka chamawa kapena ayi, ndalama ya m'thumba mwake ndi yomweyo.

N'chifukwa chiyani boma likutulutsa ndalama?

Anthu a m'chigwa cha Shire safuna kuuzidwa. Madzi osefukira a mu Januwale 2015 anasamutsa anthu pafupifupi 230,000 m'dziko muno, ndipo Chikwawa ndi Nsanje anali m'gulu la maboma ovutika kwambiri. Mu Malichi 2019 kunabwera mvula ya namondwe wa Idai. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira, m'boma lomwe lino la Chikwawa, ndipo dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 a magetsi kwa nthawi yoposa chaka. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anasiya anthu oposa 650,000 opanda pokhala m'chigawo chakumwera, ndipo omwalira ndi osowa anaposa 1,000.

Mitengo siletsa namondwe, ndipo wina akakuuzani kuti ingaletse, akukunamizani. Chimene imachita n'kuchepetsa liwiro la madzi. Masamba amalandira madontho a mvula asanamenye nthaka, zinyalala zapansi zimagwira madzi kuti alowe pang'onopang'ono, ndipo mizu imamanga dothi. Phiri likakhala lambee, madzi amatsika nthawi imodzi atanyamula dothi ndi mchenga. Akafika pachigwa pamene malo ndi athyathyathya amataya katundu wawo mumtsinje. N'chifukwa chake mtsinje wa Mwanza wadzaza mchenga, moti mvula imene kale inkadutsa m'khwawa mwakachetechete lero imasefukira m'minda ndi m'nyumba. Mchenga womwewo ndi mdani wa makina a magetsi pa Shire, ndiponso wa ngalande yaikulu ya ulimi wothirira ya Shire Valley Transformation Programme, imene ikutenga madzi pa Kapichira kuti idzathirire mahekitala oposa 40,000.

Kwa ife amene timaganizira za thanzi la banja, nkhani siithera pa nyumba zogwa. Madzi akasefukira, zimbudzi zimagumuka ndipo zonyansa zimalowa m'zitsime. Mabanja amadzazana m'misasa, m'masukulu ndi m'matchalitchi. Zithaphwi zotsalira zimaswa udzudzu m'dera limene malungo ndi ochuluka kale. Mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022, patangopita milungu yochepa chichitikire namondwe wa Ana, unakhala woopsa kuposa ina yonse m'mbiri ya dziko lino. Boma likamalipira munthu kuti abzale mtengo m'mbali mwa mtsinje, mbali ina likuyesa kuchepetsa mzere wa odwala pachipatala. Mu 2016 Malawi analonjeza ku mayiko anzake kuti pofika 2030 adzakhala atabwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a malo owonongeka. Lonjezo lotere silingakwaniritsidwe ndi nkhalango za boma zokha. Malo ambiri ali m'manja mwa alimi ndi mafumu.

Si koyamba

Tsiku lobzala mitengo m'dziko lonse linayamba mu 1976, nthawi ya Dr Hastings Kamuzu Banda. M'zaka za m'ma 1980, pansi pa pulojekiti ya nkhuni imene World Bank inathandiza, boma linkagulitsa mbande pamtengo wotsika kwambiri, ndipo linayesanso kupereka bonasi ya matambala owerengeka pa mtengo uliwonse umene wapulumuka. Nzeru yake inali yabwino, koma inagwa pa kuwerenga. Kutumiza mlangizi kuti akayende munda ndi munda, alembe, abwerere ku ofesi, kenako wina apite kukalipira, kunkadya ndalama zambiri poyerekeza ndi zimene mlimi ankalandira. Ndondomekoyo sinakhalitse.

Patapita zaka, funso lomweli linayesedwa mwadongosolo m'boma la Ntchisi. Mu 2008 katswiri wa zachuma Kelsey Jack, mogwirizana ndi bungwe lofufuza za mitengo ya m'minda la ICRAF, anapereka kwa alimi mgwirizano wobzala mbande 50 za mbawa pa theka la ekala. Ndalama yonse inali K12,000 ya nthawi imeneyo, koma inkaperekedwa m'magawo kwa zaka zitatu, molingana ndi mitengo imene yapezeka yamoyo pa tsiku lowerenga. Alimi anagawidwa pawiri. Gulu lina linasankhidwa mwa mayere. Gulu linalo, aliyense analemba mwachinsinsi ndalama yochepetsetsa imene angavomere kuti agwire ntchitoyo, ndipo amene analemba zochepa ndi amene anapatsidwa mgwirizano. Onse analipidwa pa mtengo umodzimodzi. Pamapeto pake mitengo inapulumuka yambiri kwa alimi a gulu lachiwirili.

Phunziro lake ndi loti mlimi amadzidziwa yekha. Amene anavomera ndalama yochepa ndi amene anali kale ndi mtima wa mitengo, malo oyenera, kapena manja okwanira pakhomo. Kaundula wa ku ofesi angathe kudziwa kuti banja ndi losauka, koma sangadziwe kuti mayi wa m'nyumbamo adzasenza ndowa yachiwiri kuchokera pamjigo chifukwa cha kamtengo.

Ku Uganda anayesa njira ina: kulipira anthu kuti asadule mitengo imene ilipo kale. M'midzi 121 ya m'maboma a Hoima ndi Kibaale, eni nkhalango a m'midzi ina anapatsidwa mashilingi 70,000 pa hekitala pachaka akasunga nkhalango yawo. Zotsatira zimene zinasindikizidwa mu 2017 ndi Seema Jayachandran ndi anzake zinaonetsa kuti m'midzi yolipidwa mitengo inachepa ndi 4.2 peresenti, pamene m'midzi yosalipidwa inachepa ndi 9.1 peresenti. Anawerenga pogwiritsa ntchito zithunzi zojambulidwa kuchokera mumlengalenga, chida chimene alangizi athu a m'ma 1980 analibe. Dziko la Costa Rica lakhala likulipira eni malo motere kuyambira mu 1997, ndipo ndalama zambiri zimachokera ku msonkho wa mafuta a galimoto.

Ife tikuona kuti njira ziwirizi zikhoza kuyendera limodzi ku Chikwawa. Malipiro a tsiku ndi tsiku akhalepo, chifukwa njala sidikira zaka zitatu. Koma pakhalenso kangachepe kapadera kamene mudzi kapena banja lingalandire mvula yoyamba ikagwa, mitengo ya chaka chatha ikawerengedwa n'kupezeka yamoyo. Masiku ano foni imajambula mtengo n'kusonyeza pamene uli, ndipo ndalama imatumizidwa pa foni pomwepo. Chimene chinalepheretsa bonasi yakale chachepa mphamvu.

Adani a mbande m'chigwa

Woyamba ndi mbuzi, ndipo pambuyo pake ng'ombe. Chikwawa ndi dera la ziweto, ndipo anthu akakolola ziweto zimamasulidwa kuti zidye paliponse. Mbande yopanda mpanda mu Ogasiti ndi ndiwo ya mbuzi basi. Wachiwiri ndi chiswe, chimene chimakonda mtengo wofooka ndi ludzu; bulugamu ndi amene chimamuvutitsa kwambiri m'malo otentha ngati ano. Wachitatu ndi moto wa osaka mbewa. Wachinayi ndi nthawi: mbande yobzalidwa mochedwa, mu Malichi, imakumana ndi chilimwe mizu isanazame, ndipo m'chigwa muno mvula ndi yochepa komanso imasiya msanga. Ngati mbande zafika mochedwa chifukwa machubu kapena njere zinachedwa, anthu adzabzala ndithu kuti alandire malipiro, koma onse akudziwa mapeto ake.

Mdani wachisanu saoneka ndi maso. Ndi funso lakuti, mtengowu ndi wa yani? Mitengo yobzalidwa pamalo a mudzi ndi gulu la anthu olipidwa imakhala ya aliyense, ndipo pamene malipiro atha imasowa woithirira. Lamulo la zankhalango la 1997 limalola mafumu kupatula nkhalango za m'midzi ndi kukhazikitsa makomiti oyang'anira zachilengedwe, ndipo pamene komiti ndi yamphamvu, mfumu n'kuika chindapusa kwa mwini mbuzi yowononga, mitengo imakula. Pamene komiti ilipo pa pepala pokha, nkhalangoyo imabzalidwa chaka ndi chaka pamalo amodzimodzi.

M'banja namonso funsoli lilipo. M'chigwa muno muli Amang'anja, amene mwambo wawo malo amatsata kuchikazi, ndi Asena, amene malo amatsata kuchimuna. Mkamwini amene akukhala kwa mkazi wake angazengereze kubzala mtengo wa zaka makumi awiri pamalo pamene angachokepo tsiku lina. Mayi wokwatiwa kwa mwamuna angaganize chimodzimodzi, makamaka akaona zimene zimachitikira amasiye ena. Munthu wobwereka munda sabzala mtengo n'komwe, chifukwa mwini munda angaganize kuti akufuna kulanda malo. Izi sizithetsedwa ndi ndalama ya boma. Zimathetsedwa ndi kukambirana pakhomo, mwamuna ndi mkazi, pamaso pa ankhoswe ngati kuli kofunika, kuti mitengo iyi ndi ya ana athu. Kulembetsa malo pansi pa lamulo la malo a makolo la 2016, kumene kwachitika m'madera a ulimi wothirira ku Chikwawa, kungathandizenso munthu kubzala ndi mtima wokhazikika.

Nkhalango ili pansi pa nthaka

Pali mtengo wina umene sufuna chubu, nazale kapena ndowa ya madzi. Ndi chitsa chimene chili m'munda mwanu, chimene chaka chilichonse chimaphuka ndipo chaka chilichonse mumachisadza posolola. Chitsa chimenechi chili ndi mizu yozama imene inafika kale pa chinyezi. Mukasankha mphukira ziwiri kapena zitatu zowongoka, n'kudula zinazo, ndi kumasadzira nthambi zam'munsi, chimakula mofulumira kuposa mbande iliyonse, ndipo nthambi zosadzazo ndi nkhuni za tsiku limenelo.

Njira imeneyi ndi imene inasintha dziko la Niger, louma kuposa Chikwawa. Kumeneko Tony Rinaudo, wa ku Australia, ataona kuti mbande zambiri zimene ankabzala m'dera la Maradi zikufa, anayamba mu 1983 kulimbikitsa alimi kulera zitsa. Lero akatswiri amati mahekitala pafupifupi 5 miliyoni a minda ali ndi mitengo pafupifupi 200 miliyoni yobwerera m'njira imeneyi. Chinathandizanso kwambiri n'chakuti alimi anayamba kuloledwa kukhala eni mitengo ya m'minda mwawo.

Mtengo wodziwika pa ntchitoyi ndi msangu, umene tili nawo kuno. Khalidwe lake ndi losiyana ndi mitengo ina: umayoyola masamba nthawi ya mvula, motero sutchinga dzuwa ku mapira kapena chimanga, ndipo masambawo amasanduka manyowa. M'chilimwe umavala masamba n'kupereka mthunzi ndi nyemba zimene ziweto zimadya. Tsanya nayenso amaphukira bwino pachitsa. N'zosangalatsa kuti Mbwezera Chilengedwe imawerengera kusamalira mitengo yophukira yokha ngati ntchito yolipidwa. Vuto lake ndi loti chitsa sichikoma pa chithunzi cha mwambo wotsegulira nyengo yobzala mitengo, ndipo sichilowa msanga m'malipoti a mamiliyoni a mbande.

Mitengo ya pakhomo ndi thanzi lathu

Ngati boma likufuna mitengo imene anthu adzaisamale ndalama zitatha, liyambe ndi imene imadyetsa. Palibe munthu wa ku Chikwawa amene amafuna kulipidwa kuti asadule musawu wa pakhomo pake. Masawu amapsa m'miyezi yozizira pamene zipatso zina zasowa, ali ndi vitamini C wambiri, amaumitsidwa n'kusungika miyezi, ndipo amagulitsidwa mpaka ku Blantyre. N'zomvetsa chisoni kuti madengu ena a chipatso chabwino chotere amathera mu kachasu, amene amabweza m'banja matenda ndi umphawi m'malo mwa thanzi. Malambe nawo ali ndi vitamini C ndi kashiamu, ndipo ufa wake umakometsa phala la ana. Bwemba amapereka chakumwa chowawasa bwino cha nthawi yotentha. Chammwamba chimakula msanga ngakhale pouma, chimabzalidwa ndi nthambi chabe, ndipo masamba ake ndi ndiwo yokhala ndi mapuloteni, ayironi ndi vitamini A, zofunika kwa amayi oyembekezera ndi ana osakwana zaka zisanu. Mango ndi mapapaya amachita bwino pafupi ndi bafa, pamene madzi osambira amatayikira.

Nimu ndi mfumu ya mthunzi m'chigwa chino, ndipo chiswe sichimukonda kwenikweni. Nyumba ya malata imene ili pansi pa mthunzi imazizirirako masana, ndipo izi si zamasewera kwa khanda, nkhalamba, kapena wodwala matenda othamanga magazi, amene kutentha koopsa kumawafooketsa msanga. Tichenjezane pang'ono apa: ambiri amamwa madzi a masamba a nimu akamva thupi kutentha. Malungo safuna zongoganizira. Mwana akatentha thupi, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo akayezedwe magazi, ndipo musam'mwetse mafuta a nimu, chifukwa ndi oopsa kwa ana aang'ono.

Kenako pali nkhuni. Mabanja oposa 90 pa 100 alionse m'Malawi amaphikira nkhuni kapena makala. Nkhuni zikatalikira, amene amayenda ndi mayi ndi mtsikana, nthawi zina mpaka m'malire a Lengwe kapena Majete kumene kuli nyama zolusa ndi malamulo okhwima. Nkhuni zikasowa, banja limasiya kuphika nyemba ndi nandolo wouma chifukwa zimadya moto, limasiya kuwiritsa madzi akumwa, ndipo limayamba kusonkhezera mapesi, zitsononkho, ngakhale mapulasitiki. Utsi wa m'khitchini umayambitsa chibayo kwa ana ndi chifuwa chosatha kwa amayi. Bungwe la World Health Organization limati utsi wa m'nyumba umapha anthu pafupifupi 3 miliyoni pachaka padziko lonse. Mzere wa keshya kapena gliricidia m'malire a munda, wosadzidwa chaka ndi chaka, pamodzi ndi chitetezo mbaula chimene chimadya nkhuni zochepa kuposa mafuwa, zingachotse mtolo waukulu pamutu pa mayi.

Mpikisano ndi thumba la makala

Aliyense amene wadutsa msewu wa Thabwa, wokwera kuchokera pa mlatho wa Kamuzu kupita ku Blantyre, waona njinga zolemedwa ndi matumba a makala. Anyamata amene amakankha njingazo si zigawenga. Ambiri akusaka ufa wa tsiku limenelo. Ndipo kunena zoona, amene tikugula makalawo ndife a m'tauni, makamaka magetsi akazima. Kapichira atawonongeka mu 2022, kuzima kwa magetsi kunachuluka, mabanja ambiri anatsamira pa mbaula ya makala, ndipo mitengo ina inagwa m'mapiri omwe aja amene kusowa kwa mitengo yake kumadzaza mtsinje ndi mchenga.

Lamulo la zankhalango linakhwimitsidwa mu 2020, ndipo kuotcha kapena kugulitsa makala popanda chilolezo kuli ndi zilango zazikulu. Si osauka okha amene amadula: mu 2016 anthu oposa 30, ena a iwo ochokera kunja, anagwidwa akudula tsanya ndi makina mkati mwa Lengwe. Koma kwa mnyamata wa m'mudzi masamu ake ndi achidule. Mtengo waukulu wa tsanya umam'patsa ndalama sabata ino. Mbande imam'patsa masiku 24, ngati dzina lake lili m'kaundula. Malipiro a boma alionse amene sayang'ana masamu amenewa adzabzala kumanzere uku kumanja kukugwa mitengo ya zaka makumi asanu.

Pali chinanso. Madzi amene amamiza Chikwawa ambiri amagwa kutali, m'mapiri a Mwanza, Neno, Blantyre ndi Thyolo. Mlimi wa kwa Lundu kapena kwa Makhuwira angabzale mitengo m'mbali mwa mtsinje mpaka kutopa, koma ngati kumtunda kuli mbee, madzi adzazula mbande zake pamodzi ndi mpanda. N'chifukwa chake pulojekiti ya Malawi Watershed Services Improvement Project, ya madola 157 miliyoni, imene World Bank inavomereza mu 2020, inalunjika m'maboma a kumtunda ndi pakati pa Shire monga Neno, Blantyre, Balaka, Ntcheu ndi Machinga. Munthu wa m'chigwa asadandaule akamva kuti ndalama zina zapita kumapiri. Mtengo wa ku Neno ukugwira ntchito ya ku Nchalo.

Zimene banja lingachite chaka chino

Ngati pakhomo panu pali wolembedwa mu Mbwezera Chilengedwe, khalani pansi awiri musanalandire ndalama, mugwirizane zochita nazo. Chakudya chiyambe. Kangachepe kapite ku gulu losunga ndi kubwereketsa, monga magulu a COMSIP amene amayendera limodzi ndi pulogalamuyi, chifukwa gawo lotsatira la ntchito silibwera mwezi uliwonse. Pa tsiku lolandira, malo omwera mowa amadzaza. Thukuta la masiku 24 lingathe madzulo amodzi.

Luso limene mwaphunzira ku ntchito ya gulu libwere kunyumba. Mitengo khumi yosamalidwa bwino iposa zana yongotayidwa m'nthaka. Kumbani maenje mvula isanayambe, aakulu ndithu, pafupifupi masentimita 60 m'lifupi ndi kuya komwe, ndipo dothi lapamwamba mulisakanize ndi manyowa owolerana. Bzalani mvula ikakhazikika, mu Disembala kapena kumayambiriro kwa Januwale, ndipo chotsani chubu cha pulasitiki musanakwirire. Siyani kabeseni kozungulira mtengo kuti kazigwira madzi, muphimbire ndi udzu koma usakhudze tsinde, poopa chiswe. Phulusa la pamoto lowazidwa mozungulira limathandizako. Mpanda mumange tsiku lobzala lomwelo, wa minga, bango kapena njerwa zosanjikiza, osadikira kuti mbuzi ilawe kaye.

M'chilimwe, madzi otsukira mbale ndi osambira, ngati alibe sopo wambiri, akwanira mitengo ingapo ya pakhomo. Botolo lobooledwa pansi, lokwiriridwa pafupi ndi mizu, limafikitsa madzi pamene akufunika osauma ndi dzuwa. Mwana aliyense apatsidwe mtengo wake woti aziuthirira madzulo. Kumunda, musanasolole chaka chino, yendani kaye ndi chikwanje n'kusankha zitsa zoti muzilere, ndipo udzu wozungulira muulambule mu Meyi kapena Juni moto usanayambe.

Pa msonkhano wa mudzi, pamene alangizi a zankhalango ndi a khonsolo abwera kudzakonza gawo lotsatira la ntchito, pemphani zinthu zitatu: kuti mbande zifike mu Disembala, kuti mwa mitunduyo mukhale ya zipatso ndi ya nkhuni imene mwasankha nokha, ndiponso kuti komiti ndi amfumu akawerenge mitengo ya chaka chatha kumapeto kwa Novembala, chiwerengerocho chilembedwe m'buku la mudzi pafupi ndi chiwerengero cha imene inabzalidwa.